Masiku 70 a mtembo wa mfumu

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku London kuko, ndipo chisanu sichinakupinde zala mpaka kuleka kulemba. Mitu inayi ya buku lako yafika ndipo ndaiwerenga kawiri. Ganizo lako ndalikonda: Zannanza, mwana wa mfumu ya Ahiti (anthu akale a dziko limene lero ndi Turkey), asafere panjira monga zinachitikiradi, koma afike ku Egypt akakumane ndi mfumukazi yamasiye imene inamuitanitsa. Pamene pandidetsa nkhawa ndi pa maliro. Wawathamangitsa zedi, masamba awiri okha mfumu yalowa kale m'manda, chonsecho msana wa nkhani yako uli pomwepo.

Zolemba za Ahiti zimanena kuti mfumukazi ina ya ku Egypt inalembera Suppiluliuma, mfumu ya Ahiti komanso bambo wake wa Zannanza, pa nthawi imene ankathira nkhondo mzinda wa Carchemish, kuti mwamuna wake wamwalira, mwana wamwamuna alibe, ndipo sangakwatiwe ndi wantchito wake. Akatswiri ambiri amati anali Ankhesenamun, mkazi wa Tutankhamun amene anamwalira cha m'ma 1323 BC, ndipo wachita bwino kutsata iwowo. Koma Suppiluliuma anakayika. Anayamba watuma nduna yake Hattusa-ziti kuti ikaone ngati si msampha, ndipo ndunayo inabwerako nyengo yachisanu itatha, limodzi ndi mthenga wa ku Egypt dzina lake Hani. Maulendo onsewa sangakwane m'masiku 70 okonza mtembo. Ndiye m'buku lakomo payenera kupezeka munthu wochedwetsa maliro mwadala.

Chifukwa chake chili pakhoma la kumpoto m'chipinda chimene anagonekamo Tutankhamun. Pamenepo anajambulapo Ay, nduna imene inadzalowa ufumu pambuyo pake, atavala chikopa cha kambuku, nsompho ili m'manja, akuchita mwambo wotsekula pakamwa pa mtembo, woti wakufayo athe kudya ndi kulankhula ku dziko la akufa. Mwambowu unali ntchito ya mwana wolowa m'malo. Woika mfumu m'manda ndiye ankatenga mpando. Zannanza akafika manda atatsekedwa, wafika pachabe, ngakhale mfumukazi itamukonda chotani.

Tsono masiku 70 aja uwadziwe bwino, popeza ndi mmene mfumukazi yako ingabe nthawi. Poyamba ankasambitsa mtembo ndi madzi osungunuliramo natron. Natron ndi mchere wosakanikirana ndi soda umene ankakatapa m'mphepete mwa nyanja zouma za ku Wadi el-Natrun. Kenaka ankalowetsa kachitsulo kokhota m'mphuno, n'kuboola kafupa kopyapyala ka m'katimo kuti ubongo utuluke. Ubongowo sankausunga, sankauona ngati kanthu. Akatero ankang'amba mimba kumanzere ndi mpeni wamwala wakuthwa kwambiri. Diodorus, wolemba mbiri wakale wa Chigiriki, analemba kuti wong'ambayo akangomaliza ankathawa, anzake akumugenda ndi kumutukwana, ngati kuti tsoka lonse lovulaza thupi ligwere iye yekha. Munthu ameneyu ndi mphatso kwa wolemba nthano: aliyense akumufuna, aliyense akumunyansidwa, ndipo ndi iye amene mpeni wake umatsekula thupi la mfumu.

Ziwalo zinayi ankaziumitsa pazokha n'kuziika m'mitsuko yoyang'aniridwa ndi ana anayi a mulungu wawo Horus. M'mutu wachitatu wazisokoneza, ukonze. Chiwindi ndi cha Imsety wa mutu wa munthu, mapapo ndi a Hapy wa mutu wa nyani, chifu ndi cha Duamutef wa mutu wa nkhandwe, matumbo ndi a Qebehsenuef wa mutu wa kabawi. Mtima unkasiyidwa m'thupi.

Kenaka kuumitsa. Ankalonga timatumba ta natron m'mimba, n'kukwirira thupi lonse ndi natron wouma kwa masiku pafupifupi 40. Usalembe kuti anamuwaza mchere ngati nsomba zopita pa thandala. Pamafunika mulu weniweni. Mu 1994 Bob Brier ndi Ronald Wade anayesa njira yomweyi pa mtembo wa munthu ku Maryland, ku America, ndipo anagwiritsa ntchito makilogalamu pafupifupi 270 kwa masiku 35. Natron akachepa, kapena timatumba tonyowa tikasiyidwa m'kati osasinthidwa, mnofu wokhuthala wa m'matako ndi m'ntchafu umayamba kuola usanaume. Akapitirira muyeso, thupi limauma gwaa, osapindikanso, moti pofuna kupingasa mikono pachifuwa umathyola. Apa ndi pamene kuchedwetsa maliro kumakhala ndi mtengo wake. Mfumukazi ikauza okonza mtembo kuti aonjezere masiku, ikuwononga thupi la mwamuna amene wapita pofuna kudikira mwamuna amene akubwera. Imeneyi ndiyo mfundo imene owerenga ako sadzaiwala, osati zinjoka zamoto za m'mutu wachiwiri zija.

Masiku otsalawo anali odzoza mafuta ndi utomoni ndi kukulunga, chala chilichonse pachokha, wansembe akuwerenga mawu ake, zithumwa zikuikidwa pakati pa nsalu. Nsalu zinkalowa zochuluka modabwitsa. Mtembo wa Wah, munthu amene sanali n'komwe mfumu, unali ndi nsalu za bafuta zokwana masikweya mita pafupifupi 375, ndipo pomasula anapezamo mbewa yofa imene inakulungidwira limodzi. Ntchitoyi inali ya anthu otopa, m'chihema chotentha chodzaza ntchentche, ndipo zolakwika zinalipo. Henuttawy, mfumukazi ya m'nthawi ya pambuyo pake, anamulonga zinthu zambiri m'masaya kuti aoneke wonenepa, khungu mpaka linaphulika. Tutankhamun mwiniwakeyo anamukhuthulira utomoni wochuluka kwambiri moti anamatirira m'bokosi lake lagolide, ndipo mu 1925 Howard Carter ndi Douglas Derry anachita kumuchotsamo ndi mipeni yotenthetsa.

Koma nachi chachikulu: m'chifuwa mwa Tutankhamun mulibe mtima. Izi si zopeka ayi. Kwa anthu a ku Egypt mtima ndiwo unkaganiza, kukumbukira ndi kukonda, ndipo ndiwo unkaikidwa pa sikelo moyang'anizana ndi nthenga ya Maat, mulungu wamkazi wa choonadi, pa chiweruzo cha akufa, mulungu Anubis akuyeza, mulungu Thoth akulemba, oweruza 42 akumvetsera, chilombo Ammit cha mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango ndi matako a mvuu chikudikira pambali kuti chimeze mtima wolemera. Ankauopa mtimawo ngati mboni yosadziwa kubisa, n'chifukwa chake ankaika pachifuwa mwala wosemedwa ngati chikumbu chogubuduza ndowe, wolembedwa mawu oupempha kuti usaneneze mwiniwake pa mlandu. Ndiye dzifunse: watenga mtima wa mfumu ndani, ndipo mtimawo ukudziwa chiyani? Ukayankha limeneli, matsenga a m'buku lako akhala ndi malamulo. Ba, mzimu wooneka ngati mbalame ya mutu wa munthu, umayendayenda masana koma usiku uyenera kubwerera ku thupi lake. Ka, mphamvu ya moyo wa munthu, amafuna mkate ndi mowa pa manda. Dzina likafufutidwa pamwala, munthu wafanso kachiwiri. Mzimu wa mfumu yako usamachite chilichonse chimene wafuna. Uzimangika ndi zitatuzi.

Za chikondi zokhazo, pali zing'onozing'ono zoti ukonze. Ukwati wa m'kachisi wa m'mutu wachinayi uja uchotse. Kwa anthu amenewa kukwatirana kunali kulowa nyumba imodzi basi. M'nyimbo zawo zachikondi okondana ankaitanana "mlongo wanga", choncho mawu amenewo pakamwa pa mfumukazi angamusokoneze Zannanza mokoma ndithu. Ankalemberanso makalata anthu akufa, nthawi zambiri m'kati mwa mbale ya chakudya cha pamanda. Ku Leiden, ku Netherlands, kuli gumbwa (pepala lakale la ku Egypt) la mwamuna wina wolembera mkazi wake Ankhiry, amene anamwalira, kumufunsa kuti anamulakwira chiyani kuti azimuzunza chonchi, pamene anamusamala akudwala ndipo wakhala zaka zitatu osakwatiranso. Mfumukazi yako ilembe kalata yotere kwa Tutankhamun usiku woti mawa lake ikumana ndi Zannanza.

Zannanza nayenso usamupange munthu wa ku Egypt wovala zovala zachilendo. Kwawo mafumu ankawotchedwa, mwambo wa maliro n'kutha masiku 14. Kwa mkazi amene akufuna kumukwatira, kuwotcha thupi ndi chilango cha anthu oipitsitsa, kufafaniza munthu kotheratu. Awiriwa akangane za zimenezi, mokwiya ndithu, asanagwirane dzanja. Ndipo tsiku la maliro ndi mlendo yemweyu amene ayenera kuvala chikopa cha kambuku, kuwoloka Nile kupita kumadzulo, kutsata bokosi likukokedwa ndi ng'ombe, mkaka ukuthiridwa panjira, amayi awiri akulira m'malo mwa milungu yaikazi Isis ndi Nephthys, kenaka n'kukhudza pakamwa ndi m'maso mwa mtembo ndi nsompho, akutchula mawu a chinenero chimene wangochiphunzira dzana.

Ngamila zija uchotse, pa nthawiyi katundu ankasenza ndi abulu. Makobidi kunalibe, mitengo ya zinthu ankaiwerengera pa deben, muyeso wa magalamu pafupifupi 91 a mkuwa. Tutankhamun sanaikidwe mu piramidi koma m'manda ogoba m'thanthwe ku Valley of the Kings. Mapiramidi a ku Giza anali atatha kale zaka zoposa 1,000.

Poti uli pafupi, British Museum ndi imene imasunga gumbwa la maliro la Hunefer, mlembi wakale wa ku Egypt. Ukapeze chithunzi chake cha mwambo wotsekula pakamwa, uone mmene wansembe wovala chigoba cha Anubis wagwirira mtembo choimika pakhomo la manda, mkazi wamasiye atagwada kumapazi akulira. Uwerenge zipangizo zimene zili patebulopo usanalembenso mutu wachinayi, ukatero unditumizire.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kuno kumudzi.