Usagwetse nyumba usanapeze pogona

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza zimene unawauza pa foni Lamlungu lapitali, zoti masiku ano sukudziwanso ngati Mulungu alikodi. Usiku umenewo sanagone, akuti mwina wina wakuchita chipongwe kutauniko. Ine sindinadzidzimuke. Ndati ndikulembere, chifukwa pa foni timangopikisana ndi mayunitsi.

Kukayika sikunayambe ndi iwe. René Descartes, wa ku France, wobadwa mu 1596, anatsimikiza zotaya chilichonse chimene akanatha kuchikayikira ngakhale pang'ono. Maso amanama: viika ndodo m'madzi, uona ngati yathyoka. Maloto nawo ndi omwewo, munthu umalota uli pamsika ukutsatsa malonda pamene uli gone pamphasa. Anafika mpaka poganiza kuti mwina kuli chiwanda chochenjera chimene chikumupusitsa pa chilichonse, ngakhale pamene akuwerengera kuti 2 kuphatikiza 3 ndi 5. Atakumba choncho anagunda thanthwe: kuti munthu apusitsidwe, ayenera kukhalapo. Ndikuganiza, ndiye kuti ndilipo. Augustine wa ku Hippo, dera la Algeria wa lero, anali atanena zofanana ndi zimenezi zaka zoposa 1,000 m'mbuyomo.

Pa za Mulungu sindikubisira, mfundo za Descartes sizinandifike pamtima. Iye ankati m'mutu mwake muli ganizo la Wangwiro, ndipo munthu woperewera ngati iye sakanalipanga yekha, ndiye kuti analiikamo ndi Mulunguyo. Anselm wa ku Canterbury, cha m'ma 1078, ankati Mulungu ndi amene palibe chomuposa chimene ungachiganize, choncho sangakhale wa m'maganizo mokha. Mmonke wina dzina lake Gaunilo anamuyankha kuti, ngati ndi choncho, ndiganize chilumba chokongola kuposa zonse, kodi basi chioneka panyanja? Nditawerenga zimenezi ndili mnyamata ndinaseka, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mmonkeyo sanayankhule zopusa. Ine ndimapemphera, koma osati chifukwa cha Anselm.

Chimene ndakulemberera ndi ichi. M'buku lake la mu 1637, Descartes yemweyo anati wofuna kugwetsa nyumba kuti amange ina ayambe wapeza pogona. Pa nthawi yonse imene ankakayika, anadziikira lamulo lotsatira malamulo ndi miyambo ya dziko lake, ndi kusunga chipembedzo chimene anakuliramo. Ukukumbukira chaka chija tinagwetsa nyumba yaudzu njerwa tisanawotche? Tinagona m'khitchini miyezi inayi, utsi uli m'maso, mlongo wako akutsokomola usiku wonse, mvula n'kutipezanso momwemo. Kupupuluma kunali kwanga.

Choncho funsa mafunso ako onse, usaope. Ngakhale Tomasi uja sanathamangitsidwe, anangouzidwa kuti bwera nacho kuno chala chako. Koma pamene ukufunsapo usaleke kupita kumaliro, usataye anzako a kukwaya, ndipo usayambe kuona agogo ako ngati mbuli chifukwa amagwada m'mawa uliwonse. Kukayika kwakoko ukukayikirenso nthawi zina.

Pa Khirisimasi ubwere nawo mabuku akowo tidzakhale pansi pa mango tidzatsutsane bwinobwino. Usanabwere uwaimbire mayi ako. Za chiwanda cha Descartes usawauze, angakutengere kwa abusa tsiku lomwelo.

Ndine,
Bambo wako