Mwana wanga, apongozi ako si a m'filimu

Mwana wanga wokondedwa,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Ndikayamba kulankhula umangoti "Amama, ndamva," pomwe kumbuyo kwako ndikumva TV ikusokosera, ndipo ndimadziwa kuti maso ako ali kumeneko. Pepala ili uliwerenge mwana atagona, uli wekha.

Kuno ku Katete tili bwino. Bondo la atate ako likuwavutabe m'mawa, koma kumunda akupita. Nsawa zachita bwino chaka chino, tiyamba kukumba posachedwa.

Mayi ako aang'ono anabwera kuchokera ku Chipata, ndipo zimene anandiuza zandisowetsa tulo. Akuti asewere anga atabwera kudzaona mdzukulu wawo, ananyamula nkhuku, ufa ndi chigubu cha thobwa kuchokera ku Vubwi konse kuja. Iwe unalandira ndi manja awiri, koma iwo atangolowa m'bafa, thobwa unakathira m'ngalande kuseri kwa nyumba. Akuti mwana atafuna kulawa unam'menya padzanja. Ndiye atatentha thupi sabata yotsatira, unauza mkazi woyandikana naye nyumba kuti agogo ake anasiya chinthu m'nyumbamo. Mawu amenewo afika kale pamsika wa Kapata, ndipo anthu a ku Vubwi amagula ndi kugulitsa pamsika womwewo.

Ndinafunsa mayi ako aang'ono kuti kapena pali chimene unaona ndi maso ako. Anati palibe. Akuti unangowayankha kuti, "Kodi inu simuonera mafilimu? Ndi mmene apongozi amachitira." Mwana wanga, nditamva zimenezo miyendo inandizizira.

Usaganize kuti ndine nkhalamba yodana ndi kanema. Ukukumbukira TV yathu yoyamba ija yopanda mitundu, imene atate ako ankailumikiza ku batire ya galimoto? Batireyo ankaimanga pa njinga kukaitchajitsa ku boma, ndipo ikafooka chithunzi chinkayamba kuchepa pang'onopang'ono, ife n'kumasendera pafupi. Masiku amenewo ZNBC inkatsegula madzulo n'kutseka usiku, basi. Kabanana ikayamba, mudzi wonse unkadzaza pakhonde pathu, iwe uli pamiyendo panga. Tinkasangalala kuona anthu a ku Zambia konkuno akusewera nkhani zathu. Pambuyo pake kunabwera mafilimu a ku Nigeria, ndipo atate ako, munthu wosaseka wamba, ankagwira nthiti ndi Mr Ibu mpaka misozi. Atamva mu 2024 kuti munthuyo wamwalira, anakhala chete tsiku lonse. Ndiye ubwino wa zinthu zimenezi ndikuudziwa. Zimachotsa kutopa, zimasonkhanitsa anthu, ndipo munthu amene sanapitirirepo Luangwa amaona mmene ena amakhalira kutali.

Koma tamvera bwino apa. M'filimu, mayi wa mwamuna akamapita kwa sing'anga usiku, kamera imam'tsatira. Umamuona akulowa m'kanyumba, umamuona akulandira kabotolo, umamuona akuthira mumphika wa ndiwo, ndipo kanyimbo koopsa kamayamba kulira kuti ngakhale mwana adziwe kuti woipa ndi uyu. Mkazi wa m'filimuyo sadziwa kanthu, koma iwe woonera ukudziwa zonse, ndiye umakuwa uli pampando kuti "Usadye!" Kukoma kwake kuli pamenepo. Nanga kunyumba kwako, ndi kamera iti imene inatsatira asewere anga? Kabotolo unakaona? Chimene unaona ndi mayi wokalamba atatopa ndi ulendo, mapazi ali mbuu ndi fumbi, atanyamula chimere chimene anaviika yekha, kuyanika yekha, kusinja yekha, poganizira mdzukulu wake. Kanyimbo koopsa kaja kanalira m'mutu mwako mokha.

Mayi uja mumam'tcha Mama G, dzina lake lenileni ndi Patience Ozokwor. Wasewera mpongozi wankhanza m'mafilimu ambirimbiri, moti nkhope yake ikangoonekera anthu amadziwiratu kuti m'nyumbamo mtendere watha. Ndi katswiri, sindikana. Koma imeneyo ndi ntchito, amalandirapo ndalama, ndipo akaweruka amapita kwawo kumene kuli ana ndi adzukulu ake. Udzifunse chifukwa chake nkhani za mankhwala ndi ufiti zinachuluka chonchi m'mafilimu amenewa. Mu 1992 kunatuluka filimu ya Living in Bondage, ya mwamuna wopereka nsembe mkazi wake kuti alemere, ndipo makaseti ake anagulidwa kwambiri m'misika ya ku Nigeria. Amalonda ataona kuti zoterezi zikuyenda malonda, anayamba kuika ndalama zawo m'mafilimu ojambulidwa mothamanga, Part 1, Part 2, nkhani zake zofananafanana. Ankapanga zimene anthu akugula. Sanapite ku Vubwi kukafufuza mtima wa apongozi ako.

Za ku India za pa Zee World ndiye zinandichititsa chidwi nditabwera kudzakuthandiza uli ndi mwana wakhanda. Zovala zokongola, maukwati a masiku ambiri, ana kugwira mapazi a akulu popereka ulemu, zimenezo ndinazikonda. Koma ndinaonanso kuti m'nyumba iliyonse muli mpongozi kapena mlamu amene ntchito yake ndi kubisala kuseri kwa chitseko n'kumamvetsera. Munthu akanena mawu amodzi, kamera imayendera nkhope ya aliyense m'chipindamo, ng'oma zikugunda. Wina amaiwala zonse atagundidwa ndi galimoto, wina amafa n'kubweranso ndi nkhope ina. Amatero chifukwa sewero limodzi limayenera kufika magawo mazanamazana, ndipo banja limene anthu amadzuka, kuphika, kudya n'kugona mwamtendere silingadzaze magawo onsewo. Olemba ayenera kukusiya mtima uli m'mwamba usiku uliwonse kuti mawa ubwerenso, ndi kuti mwezi ukatha ukalipirenso dikoda. Agogo ako akamatisimbira nthano pamoto, zinkakhala ndi afiti ndi zilombo zoopsa kuposa zimenezi, koma pomaliza ankati "Kaphuleni mbatata," ife n'kuyankha "Yapserera," ndipo aliyense ankadziwa kuti nthano yatha, tikagone. Zako izi sizitha. Umagona nazo, kudzuka nazo, mpaka wayamba kuyang'ana anthu a m'banja mwako ndi maso a m'menemo.

Ngakhale zathu za pa Zambezi Magic, zimene ndimanyadira nazo, zili ndi vuto lomweli. Mpali ndimaikonda chifukwa ndimamva Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga, ndimaona minda ndi zitenje zathu. Nguzu, mwamuna wamitala wa m'seweroli, ndi akazi ake aja amandikumbutsa agogo ako, amene anali mkazi wachiwiri, ndipo kupweteka kwa mitala seweroli limakuonetsa bwino: kuwerengera masiku, kuyang'ana kuti thumba la shuga lalowa khomo liti. Koma chimene silionetsa mokwanira ndi masiku wamba. Agogo ako ndi mkazi mnzawo ankakangana, inde, koma ankasinja mumtondo umodzi, ndipo ine nditadwala chikuku amene anandibereka kumsana kupita nane kuchipatala cha mishoni ndi amayi aakuluwo, chifukwa amayi anga anali ndi pakati. Zoterezi pa TV sizikhalitsa, poti sizikopa anthu. Zuba nayonso inayamba ndi nkhani imene imachitikadi, ya mtsikana wakumudzi wosiya sukulu kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Lusaka. Atsikana otere timawaona akukwera basi pano pa Katete. Koma ndi angati mwa iwo amene mwana wa abwana amawakonda n'kuwasandutsa madona?

Ndabwereranso kwa asewere anga, chifukwa ndi pamene mtima wanga uli. Usiku umene unachira, ndani anagona pasimenti kunja kwa wodi? Ine ndinafika m'mawa, ndinawapeza atachapa kale nsalu zako zonse, ataziyanika pa waya, akukuphikira phala pa mbaula yobwereka. Munthu wofuna kukuchita choipa akanasowa mpata masiku amenewo, iwe uli gone, mwana ali m'manja mwawo? Mayi amene uja analera amuna ako yekha, kuwaphunzitsa ndi ndalama za thonje. Lero ukum'tchula chinthu chimene sindifuna ngakhale kuchilemba papepala pano.

Iwe sukudziwa kulemera kwa mawu amenewo chifukwa unali wamng'ono pamene zinachitika kumudzi kwa atate ako. Kunali gogo wina wamasiye, wosamva bwino, wokonda kulankhula yekha. Mwana wa pafupi atamwalira, mayi mmodzi anangoti, "Ndinawaona akuyang'ana mwanayo." Anthu anayamba kusiya kum'patsa moto. Kenaka ana ankam'ponya miyala popita kuchitsime. Pamapeto pake nyumba yake inatenthedwa usiku, ndipo anakafera kwa achibale akutali. Amene anayambitsa mawu aja sanagwire machesi, anangolankhula pamtondo. Ndiponso udziwe kuti m'dziko muno muli lamulo la Witchcraft Act, ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu woti ukhoza kukaima nawo m'khoti.

Ngati ukufuna filimu ya ufiti, uuze mlongo wako akuonetse ija anationetsa pa kompyuta yake pa Khirisimasi, I Am Not a Witch, imene anapanga Rungano Nyoni, mwana wobadwira ku Zambia konkuno, mu 2017. Inapata mphoto ya BAFTA ku Britain mu 2018. Ilibe mphezi zotuluka m'maso kapena anthu osanduka njoka. Muli kamtsikana kamene anakanamizira ufiti chifukwa mayi wina anagwa ndi ndowa ya madzi atakaona kataima panjira, basi. Anakamangirira nsalu yaitali yoyera kumsana pamodzi ndi amayi okalamba, n'kukauza kuti kakaidula kasanduka mbuzi. Imayenda pang'onopang'ono, mwina udzaona ngati yotopetsa, ndipo malo ena ine sindinawamvetse msanga. Koma imakuika kumbali ya wonamiziridwayo, mbali imene mafilimu ako aja sakuikako.

Tsopano za mdzukulu wanga. Unapita naye ku kiliniki, anam'baya chala, kachipangizo kanaonetsa mizere iwiri, anakupatsa Coartem, ndipo atamwa masiku atatu anayamba kusewera. Amenewo ndi malungo, mwana wanga, ndipo ino ndi nyengo yake. Neti imene unalandira ku sikelo ili kuti? Mayi ako aang'ono akuti ikadali m'pepala lake pamwamba pa wadiropu. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, nthawi yomwe iwe uli pa sofa kudikira kuti sewero lithe, lina liyambe, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha, mwana atagona pamiyendo pako miyendo ili pamtunda. Apa ndiye ndakukalipira, ndipo sindibweza mawu. Unasiya kuyang'ana pamene matenda analowera n'kukaloza mayi wosalakwa.

Ndikudziwa mtima wako. Uli mwana unkalira nthano ikafika poti kamwana kamasiye katayidwa m'nkhalango, mpaka agogo ako ankasintha mathero kuti ugone. Ndiwe munthu womva chisoni, wokhulupirira msanga, ndipo ndimakukondera chomwecho. Ndikudziwanso kuti masana umakhala wekha, amuna ako ali kuntchito, anzako a kusukulu ali kutali, ndipo TV ndiye imakulankhula. Sindikuti uigulitse. Sankha sewero limodzi limene umalikonda, uonere, useke, likatha uzimitse. Ikakwana 21 koloko mwana akhale ali m'neti. Masana tuluka, pita ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, yambiranso kusoka, makina aja ndinakupatsa si okongoletsera nyumba. Ndipo ngati pali chenicheni chimene apongozi ako anakulakwira, mawu kapena machitidwe, ankhoswe alipo, amalume ako alipo, ine ndilipo. Alangizi anakuuza zimenezi usanalowe m'nyumba. Za m'nyumba sizipita kwa mkazi woyandikana naye.

Amuna ako sanandiuze kanthu, ndipo chete wawoyo akundiopsa. Mwamuna akhoza kupirira ndiwo zopserera ndi nyumba yosasesa, koma za mayi ake sadzaiwala. Uwauze wekha zonse ndisanafike, asazimvere kumsika. Ugwade, unene zimene unachita ndi zimene unalankhula, osachotsako.

Ndibwera Loweruka la sabata yamawa ndi minibasi ya m'mawa. Lamulungu tikapemphera tidzanyamuka tonse atatu ndi mwana kupita ku Vubwi. Ine ndibweretsa tambala ndi nsawa zatsopano, iwe ugule chitenje chabwino ndi shuga, ndalama zake uchotse pa za dikoda ya mwezi uno. Polankhula ndidzayamba ndine, monga mwa mwambo, koma kupepesa udzapepesa ndi pakamwa pako. Kwa mkazi woyandikana naye uja upiteko lero lomwe, ukamuuze kuti mwana anadwala malungo ndipo unalankhula zopanda pake.

Atate ako sindinawauze, ndangoti ndikukaona mdzukulu. Akupereka moni, ndipo akuti unditumizire saizi ya nsapato za mwana pa foni ya mlongo wako. Neti ija uipachike usanagone.

Ndine mayi ako.