Lipoti la msonkhano wa ku Johannesburg pa nkhani ya Israel ndi Palestine

Atcheya, abusa, mashehe, amayi ndi abambo a komiti komanso achinyamata nonse, moni. Ndabwerako bwino ku Joni komwe munandituma, nde ndati lipoti ndiliponyeretu pa gulupu pano kuti omwe sadzakwanitsa kufika Loweruka nawonso awerenge. Latalika ndithu, muliwerenge pang'onopang'ono.

Msonkhanowu unali wa magulu a zipembedzo a chigawo chino cha kumwera kwa Africa, kunali anzathu a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Lesotho ndi eni dera a ku South Africa kuphatikizapo Ayuda angapo okhala konko. Oyankhula ena anachokera ku Bethlehem, ena ku Jerusalem, ndipo bambo wina yemwe anagwirapo ntchito za ukazembe anayankhula pa Zoom. Funso lomwe munandipatsira linali loti poti kuomberana ku Gaza akuti kwaima, kodi mtendere ndiye wafika? Yankho lomwe ndabwera nalo ndi loti ayi, ndipo vuto si kusowa mapepala a mgwirizano, mapepala alipo mulu. Chikusowa ndi munthu wamphamvu woti akakamize mbali zonse ziwiri kusunga zomwe zalembedwazo, komanso nthawi yomwe akukambiranayo malo omwe akukanganiranawo akunka natha.

Ndiyambe ndi za 2025 poti ndi zomwe ambiri timangomva zidutswazidutswa pa wailesi. Mu July, France ndi Saudi Arabia anatsogolera msonkhano ku likulu la UN ku New York wokankha ganizo la maiko awiri, la Israel ndi la Palestine, oyandikana. America ndi Israel sanapiteko. Chikalata chomwe chinatuluka kumeneko chimadzudzula zomwe Hamas, gulu la Apalestina lomwe linkalamulira Gaza, inachita poukira Israel pa 7 October 2023, chimati Hamas itule zida ndi kusiya ulamuliro wa Gaza m'manja mwa boma la Apalestina la Mahmoud Abbas, ndipo maiko a Aluya anavomereza nawo mawu amenewo, zomwe sizinali zachizolowezi. Pa 12 September maiko 142 anachivotera ku UN, 10 anakana, 12 anangokhala osavota. Kenako Britain, Canada, Australia, Portugal, France ndi ena analengeza kuti akuzindikira Palestine ngati dziko, moti pano maiko otero ndi 157 mwa 193. Abbas mwini wake anamukaniza viza ya ku America, anachita kuyankhula pa vidiyo. Kutha kwa September Trump anatulutsa pulani yake ya mfundo 20, ankhalapakati a ku Qatar, Egypt ndi Turkey anathamanga nayo, pa 10 October kuomberana kunaima, pa 13 October Hamas inamasula anthu 20 amoyo omwe inali ikusungabe ndipo Israel inatulutsa Apalestina pafupifupi 2,000 m'ndende. Pa 17 November Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, inadutsitsa chigamulo nambala 2803 chovomereza pulaniyo, Russia ndi China osavota.

Ukamamva choncho umati basi zatheka. Koma bambo wa ukazembe uja anatipempha kuti tiwerenge tokha ndime yonena za dziko la Palestine m'chigamulomo, anayiika pa pulojekita. Sikuti ikulonjeza dziko ayi, ikungoti boma la Abbas likadzakonza zinthu zake ndipo Gaza ikadzayamba kumangidwanso, mwina njira yopita ku dziko la Palestine ingadzapezeke. Palibe tsiku, palibe malire, palibe chilango kwa wophwanya. Hamas inakana zoti asilikali akunja adzailande zida, Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel, naye anabwerezabwereza kuti dziko la Palestine silidzakhalapo, ndipo nyumba ya malamulo ya Israel inavota kale mu July 2024 kukana dzikolo, mavoti 68 kwa 9. Asilikali a Israel anangobwerera pa mzere wina womwe akuutchula kuti wachikasu, akadagwirabe pafupifupi theka la Gaza, ndipo anthu apitirira kuphedwa ngakhale pali mgwirizanowo.

Mbiri anatidutsitsa mwachangu, inenso ndidutsa mwachangu. Mu 1947 UN inati malowo agawidwe pawiri, mu 1948 kunabuka nkhondo, Israel inakhazikitsidwa ndipo Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi mwawo, zidzukulu zawo zikadali m'makampu ku Lebanon, Jordan, Syria ndi Gaza komwe. Mu 1967 pa nkhondo ya masiku 6 Israel inalanda West Bank, kum'mawa kwa Jerusalem, Gaza, Sinai ndi Golan, ndipo chigamulo 242 cha chaka chomwecho ndi chomwe chinabweretsa mfundo yoti Israel ibweze malo, anzake aipatse mtendere. Kuchokera apo ndi misonkhano yokhayokha, Madrid 1991, Oslo 1993, Camp David 2000, pulani ya maiko a Aluya ya ku Beirut 2002, Annapolis 2007, zokambirana za John Kerry, nduna ya zakunja ya America pa nthawiyo, zomwe zinagwa mu 2014.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa Oslo, chifukwa ndi pomwe pali phunziro. Rabin, mtsogoleri wa Israel, ndi Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, anagwirana chanza pa kapinga wa White House mu September 1993, Clinton ali pakati, dziko lonse likuwomba m'manja. Koma anagwirizana zoti nkhani zonse zolemera, monga malire, Jerusalem, othawa kwawo ndi midzi ya Aisraeli ya mu West Bank, azisiye kaye adzazikambirana m'zaka zisanu. Zaka zisanuzo zinatha mu 1999, lero zadutsa 30 chisainireni, zinthu zomwe zinali zongoyembekezera ndi zomwe zasanduka moyo wa tsiku ndi tsiku. Rabin anaphedwa mu November 1995 ndi Mwisraeli mnzake wodana ndi mgwirizanowo, Hamas nayo inali ikuphulitsa mabasi mu Jerusalem ndi Tel Aviv, nde odana ndi mtendere a mbali zonse anathandizana osakumana n'komwe.

Mayi wina wachikhristu wa ku Bethlehem anatambasula mapu a West Bank pa tebulo, tonse tinaunjikana kuyang'ana. Mgwirizano wa 1995 unagawa derali patatu, A, B ndi C. Dera A, lomwe amayang'anira Apalestina, pa mapupo ndi timadontho tomwazikana, apa Ramallah, apo Nablus, uko Jenin, ndipo pakati ponse ndi dera C lomwe ndi pafupifupi 60 peresenti ndipo lili m'manja mwa asilikali a Israel. Anatulutsa chiphaso chake chobiriwira m'kachikwama n'kutiyendetsera kuti aliyense achigwire, anati okhala mu Jerusalem chawo ndi chabuluu, magalimoto a Aisraeli nambala yake ndi yachikasu ndipo pali misewu ina yomwe galimoto yake singadutse. Kuchoka ku Bethlehem kufika ku Jerusalem ndi makilomita ngati 10 okha koma iye sangapite kukapemphera popanda chilolezo cha asilikali, ndipo akachipeza amafola pa chipata cha khoma m'bandakucha limodzi ndi aganyu. Abusa athu omwe anapitako ku ulendo wa ku malo oyera mwina munadutsa pa khoma lomwelo pa basi ya alendo osaima nthawi yaitali.

Nde manambala ake ndi awa. Nthawi ya Oslo Aisraeli okhala m'midzi ya mu West Bank anali ngati 110,000, lero apitirira 500,000, ukaphatikiza kum'mawa kwa Jerusalem apitirira 700,000. Mu August 2025 boma la Israel linavomereza kumanga nyumba pafupifupi 3,400 pa malo otchedwa E1, pakati pa Jerusalem ndi Ma'ale Adumim, malo oti akamangidwa West Bank idzakhala ngati yadulidwa pakati, ndipo nduna ya zachuma Smotrich sanabise kuti cholinga ndi kukwirira ganizo la dziko la Palestine. Ife tikudziwa mlandu wa malire a munda ukafika kwa amfumu, choyamba amati onse awiri asiye kaye kulima pamalo a mkanganopo mpaka mlandu uweruzidwe, chifukwa wina akamapitiriza kuunda mizere ndi kubzala mitengo chaka ndi chaka mlandu ukuimitsidwaimitsidwa, tsiku la chiweruzo amfumu adzapeza palibenso choti agawe. Security Council inanena kale mu 2016 pa chigamulo 2334 kuti midziyi ndi yosemphana ndi malamulo, khoti lalikulu la UN lotchedwa ICJ ku The Hague linabwerezanso mu July 2024, koma khasu silinaime.

Chitsanzo chosonyeza kuti zikhoza kutheka ndi cha Egypt. Carter, pulezidenti wa America, anatsekera Sadat wa Egypt ndi Begin wa Israel ku Camp David mu 1978, mgwirizano unasainidwa 1979, pofika 1982 Israel inabweza pafupifupi Sinai yense ndipo inachita kusamutsa anthu ake omwe pa tawuni ya Yamit. Mtendere umenewo ulipobe ngakhale Sadat anaufera mu 1981. Kusiyana kwake n'koti malire anali odziwika, masiku anali olembedwa, anaikako asilikali akunja oyang'anira Sinai, ndipo America inaikapo ndalama, mpaka pano imapatsa Egypt ngati madola 1.3 biliyoni pachaka a zankhondo. America yomweyo imapatsa Israel madola 3.8 biliyoni pachaka komanso ili ndi veto, mphamvu yokana chigamulo payokha, ku Security Council, nde m'maganizo anga mphamvu yokakamiza ilipo, sikuti ikusowa, koma pa nkhani ya Apalestina sinagwiritsidwe ntchito mpaka kumapeto. Ngakhale kuima kwa kuomberana kwa Octoberku kunatheka Trump atapanikiza Netanyahu, makamaka Israel itaponya mabomba ku Doha mu September komwe kunali nthumwi za Hamas, m'dziko la ankhalapakati omwe.

Musaganize kuti mbali ya Apalestina anaisiya. Mnyamata wina wa ku Ramallah ndi amene anadzudzula atsogoleri ake kuposa wina aliyense. Abbas anasankhidwa mu 2005 kuti alamule zaka zinayi, pofika kumapeto kwa 2025 anali akadali pampando ali ndi zaka 90, chisankho cha aphungu chomaliza chinali cha 2006 chomwe Hamas inapambana, 2007 Hamas inalanda Gaza ndi mfuti, kuyambira apo Apalestina ali ndi maboma awiri osamvana. Iye amafunsa kuti ngakhale Israel italola mawa, asaine ndani m'malo mwa anthu onse? Bambo wina Myuda wa ku Jerusalem naye anafotokoza kuti Israel inachotsa anthu ake ndi asilikali ku Gaza mu 2005, chomwe chinatsatira ndi maroketi kenako 7 October pomwe anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa ndipo ngati 250 anagwidwa, nde munthu wamba ku Israel ukamuuza zochoka mu West Bank, komwe mapiri ake amayang'anizana ndi Tel Aviv ndi bwalo la ndege, amagwidwa mantha enieni. Apa panavuta, nthumwi ina ya ku South Africa inaimirira n'kunena kuti mantha sangakhale chifukwa chophera anthu oposa 60,000 ku Gaza monga ikunenera unduna wa zaumoyo wa kumeneko, ndipo inakumbutsa za mlandu womwe dziko lawo linakasuma ku ICJ mu December 2023. Mawu anakwera, wotsogolera anachita kuitanitsa tiyi nthawi isanakwane. Chikalata chomaliza chinachedwa chifukwa cha mkangano umenewu, ena amafuna mawu oti kupulula mtundu alowemo ena ayi, mapeto ake analemba zoti khoti ndi lomwe ligamule.

Za kwathu nazo anandifunsa, ndipo sanandinyengerere. Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa a mu Africa omwe sanadule ubale ndi Israel mu 1973, ofesi ya kazembe wathu inatsegulidwa ku Tel Aviv mu April 2024, ndipo mu September 2024 pomwe maiko 124 anavotera kuti Israel ichoke m'madera a Apalestina potsatira khoti lija, ife tinali m'gulu la 14 okana, limodzi ndi America ndi tizilumba ta ku Pacific. Komanso ana athu ali m'minda ya ku Israel, gulu loyamba la 221 linanyamuka mu November 2023 nkhondo ili mkati, ndipo tisaiwale kuti pa 7 October ena mwa omwe anafa anali antchito a m'minda ochokera ku Thailand, ophunzira a ku Nepal ndi anyamata awiri a ku Tanzania ophunzira zaulimi. Choncho nkhaniyi si ya pa TV chabe, m'mipingo ndi m'mizikiti mwathu muli makolo omwe amagona ndi foni kumutu.

Zomwe ndikupempha komiti ikambirane Loweruka ndi izi. Tilembe kalata kwa phungu wathu kuti afunse boma latsopanoli mfundo yomwe limatsatira povota ku UN pa nkhaniyi, chifukwa amavota m'dzina lathu koma sitiuzidwa, komanso pulani yoteteza achinyamata athu zinthu zikadzavutanso. Tikumane ndi makolo a anyamata omwe ali kumeneko timve zomwe akudutsamo. Chachitatu ndi chomwe ndikudziwa kuti ena sichiwasangalatsa, ndi cha mavidiyo omwe akumaponyedwa pa gulupu pano, ena ongoti Israel ndi mtundu wosankhidwa basi nkhani yatha, ena otukwana Ayuda onse. Mayi wa chiphaso chobiriwira uja ndi Mkhristu, pakati pa nzika za Israel munthu mmodzi mwa asanu ndi Mwarabu, ndipo alipo Ayuda omwe amapita kukathandiza Apalestina kukolola maolivi kuti asamenyedwe, nde zoti ndi nkhondo ya Akhristu ndi Asilamu tisazibweretse kuno komwe timaikira maliro limodzi. Ndikupempha abusa ndi mashehe agwirizane lamulo la zomwe tingaponye.

Okonza msonkhano akufuna yankho lathu ngati tisaine nawo chikalatacho mwezi uno usanathe, ndachijambula ndichiponya pansipa, chili m'Chingerezi nde pakufunika awiri odzipereka oti tithandizane kuchimasulira tisanakumane. Mapu aja mayi aja anandipatsa kope, ndibwera nalo. Malisiti a basi ndi malo ogona ndapereka kale kwa amayi msungichuma pamodzi ndi chenji chomwe chinatsala.