Mawu a mpingo tiziwalipira tokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Akhristu anzanga a mpingo wa Lutheran kudzera m'nyuzipepala yanu. Nkhaniyi ndinaiyamba pamsonkhano wa akulu a mpingo, koma mvula inagunda malata, sitinamvanenso, ndipo inathera pomwepo.

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Chilobwe, ndipo ndakhala msungichuma wa mpingo wathu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mbale ndimazidziwa. Pa Pepa Sande ya malata inadzaza. Pa ya kiyibodi ndi masipika achinyamata anavina fumbi koboo, ndalama tinawerenga mpaka dzuwa kulowa. Mwezi wathawu abusa analengeza chopereka chapadera cha ntchito yolankhulira anthu ovutika kwa akuluakulu a boma. Nditakhuthulira mbale patebulo ndinapeza ma K50 ndi ma K100 ofwifwa, envelopu yopanda kanthu, ndi batani la malaya. Potuluka, mayi wina amene timakondana anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, zandalezi ife ayi."

Mayi ameneyu nyumba yake inapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene miyala inatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche n'kukwirira anthu. M'dziko muno munafa anthu oposa 1,000. Mpingo unachita mbali yake: ufa, mabulangete, zidebe. Ndinagawa nawo ndipo sindikunyoza. Koma ufawo unatha m'masabata atatu, mafunso n'kutsala. Anthu amene akhalabe m'mphepete mwa phiri adzasamukira kuti? Ngalande zotsekeka akonza ndani mvula isanagwe? Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, za kwathu kuno zagwira ntchito yanji? Kufunsa zimenezi ndiye ndalezo?

Anthu ambiri amaganiza kuti kulankhula n'kwaulere, poti pakamwa tinabadwa napo. Ayi ndithu. Kuyambira mu Sepitembala 2020 tili ndi lamulo lotilola kupempha zikalata ndi uthenga kumaofesi a boma. Koma kalata yopemphayo wina ailembe, aitayipitse, apange fotokope, akwere minibasi kukaisiya m'tauni, abwererenso katatu kapena kanayi kukaitsata. Mayunitsi oimbira foni ndi ndalama. Kutumiza anthu awiri ku Lilongwe kukakumana ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo ndi ndalama. Mphindi khumi pawailesi ndi ndalama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera mtengo.

Tsono ife tikapanda kusonkha, amasonkha ndani? Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Chaka china tinaitana munthu wina wofuna mpando kuti akhale mlendo wolemekezeka pa Pepa Sande. Anafika mochedwa, anakhala kutsogolo, anatukula envelopu m'mwamba kuti aliyense aone kunenepa kwake, ife nthungululu. Ine ndemwe ndinalemba lisiti, manja akunjenjemera ndi chimwemwe. Patapita miyezi, achinyamata anafuna kulemba kalata yodandaula za chinthu chimene chinkamukhudza mkuluyo. M'chipinda munangoti zii. Kenako mkulu wa mpingo mmodzi anati, "Abale, munthu uja anatigulira malata." Kalata ija sinalembedwe. Malatawo ndi omwe aja anatisokosera pamsonkhano, ndipo ndikawayang'ana ndimachita manyazi.

Achinyamata a lero sadziwa kuti ufulu umene akulalatira nawo pa Facebook unachokera paguwa. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata yodzudzula boma m'matchalitchi awo onse, nthawi imene kungong'ung'udza kokha kunkasowetsa munthu. Ine ndinkaphunzitsa sitandade 5 nthawi imeneyo, ndipo kalatayo tinkapatsirana mobisa ngati fodya wamkulu. Chaka chomwecho mipingo ndi Asilamu anakhala pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee (PAC), ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Akanakhala kuti atsogoleri aja anadya za m'manja mwa boma, bwenzi atatsegula pakamwa?

Komanso ife a Lutheran tisaiwale kumene tinachokera. Mkangano wa Martin Luther ku Wittenberg mu 1517 unayambira pa msonkhamsonkha wa mpingo. Anthu osauka ankagulitsidwa zikalata za chikhululukiro, ndalama zina n'kumakamangira tchalitchi cha Petulo Woyera ku Rome, iye n'kufunsa poyera ngati zimenezo zinali zolungama. Kufunsa za ndalama ndi chilungamo ndi mwambo wa kwathu.

Ena amati abwenzi a kunja alipo, a Lutheran World Federation ku Geneva ndi mipingo ya ku Ulaya ndi ku America. Alipodi, ndipo tikuwathokoza. Koma mwaona nokha mmene thandizo la kunja lachepera kuyambira 2025. Ndiponso ngalande ya ku Chilobwe munthu wa ku Geneva sakuidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pempho langa ndi ili: Lamulungu limodzi pachaka likhale la ntchito imeneyi, popanda mlendo wolemekezeka wochokera kuchipani chilichonse. Amene alibe ndalama abweretse nkhuku, mtolo wa mpiru kapena mandasi, tidzagulitse pakhomo pa tchalitchi monga timachitira pa masika. Ndipo kwa atsogoleri athu ndikuti, ndalamazo zikhale ndi buku lakelake, lipoti lizimatidwa pakhoma, tione kuti anapita ndani, anakaonana ndi ndani, anayankhidwa chiyani. Zikamathera m'maalawansi a misonkhano ya kunyanja, ine ndidzakhala woyamba kubisa mbale.

Batani lija lili m'kabati ya mabuku a chuma. Ndi loyera, la mabowo anayi. Mwini wake adzandipeze tikaweruka Lamulungu likubwerali.

Msungichuma wodandaula,
Chilobwe, Blantyre