Diso lopsa ndi laimu kapena soda silidikira mawa

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth kuno ku Harare, makamaka omanga nyumba, okonza mabatire a galimoto ndi amayi ophika sopo wa kositiki soda. Ambiri amaganiza kuti diso likapsa ndi mankhwala munthu akhoza kuyamba waona kaye m'mene kuchere, ndipo zikavuta adokotala adzangosintha galasi la diso, gawo loonekera la kutsogolo kwa diso. Sizili choncho. Opaleshoni ya diso lopsa ili ndi nyengo ziwiri. Yoyamba ili m'masabata awiri oyambirira, ndipo ambiri imawadutsa ali kunyumba. Yachiwiri imabwera patapita miyezi, koma anthu amaiumirira isanakwane.

Asidi wa batire ndiye amaopedwa, komatu laimu, simenti, soda ndi amoniya ndi amene amawononga kwambiri. Asidi amaumitsa mnofu umene wakhudza ngati dzira lokazinga, ndipo mnofu woumawo umamutchinga kuti asapitirire. Soda amasungunula mafuta a m'maselo, monga amachitira mumphika wa sopo, n'kumalowabe m'kati. Laimu ndi simenti amasiya timibulu kuseri kwa chikope cham'mwamba, ndipo timapitiriza kutentha munthu ali m'kombi.

Choncho chithandizo chimayambira pamalo a ngozi pomwepo. Thirani madzi oyera, kaya a pampopi, a pamjigo kapena a m'chigubu, kwa mphindi zosachepera 30, wina atatsegula zikope ndi zala, mutu utapendekera mbali ya diso lopsalo kuti madzi asayenderere m'linzake. Musathiremo viniga kuti aphe mphamvu ya soda, ndipo timadzi ta masamba, shuga ndi mkodzo zisayandikire. Kuchipatala amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, amatembenuza zikope kuti achotse timibulu, n'kupitiriza kutsuka ndi madzi a m'diripi, malita awiri kapena kuposa, mpaka kapepala koyezera pH (muyeso wa mphamvu ya asidi kapena soda) kasonyeze pakati pa 7.0 ndi 7.4. Amayezanso patapita mphindi zingapo, chifukwa soda amene analowa mumnofu amabwereranso kunja pang'onopang'ono. Kuno ku Harare, ovulala kwambiri ayenera kuonedwa tsiku lomwelo ndi akatswiri a maso, monga a ku Sekuru Kaguvi pachipatala cha Parirenyatwa.

Chimene dokotala amayang'anitsitsa ndi kamzere kozungulira pamene chakuda cha diso chakumana ndi choyera. Kamzereka amati limbus, ndipo m'menemo mumakhala maselo obala khungu latsopano la cornea, lomwe ndi galasi loonekera la kutsogolo kwa diso. Amakawerenga ngati wotchi ya maola 12: ndi maola angati amene ayera mbuu, opanda magazi? Pa muyeso wa Roper-Hall wa 1965, kamzereka kakafa kupitirira theka ndiye kuti kupsako kwafika pa giredi 4, yoipitsitsa. Apa ndi pamene abale amanyengedwa. Diso lofiira ndi lopweteka likadali ndi magazi ndi minyewa yamoyo. Diso loyera ngati mbale ya dothi, losapweteka kwenikweni, ndilo lapsa koopsa.

Za mankhwala tingonena chimodzi. Madontho a steroid, ochepetsa kutupa, amathandiza kwambiri m'masiku 7 mpaka 10 oyamba, koma akapitirira popanda dokotala woyang'anira amalepheretsa galasi kudzikonza, limapyapyala mpaka kubooka. Musakagulenso botolo lina nokha loyamba likatha. Dokotala amawachepetsa, kwinaku akupereka vitamini C ndi doxycycline amene amateteza galasi kuti lisasungunuke, ngakhale doxycycline sapatsidwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono.

Opaleshoni ya nyengo yoyamba cholinga chake si kubwezera kuona, koma kuti diso likhalepo. Amayamba ndi kupala mnofu wakufa, chifukwa umaitana kutupa. Kenaka amayala kachikopa kopyapyala kochokera ku nsengwa ya mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni, atayezedwa HIV, hepatitis B ndi C ndi chindoko. Kachikopaka amakasokera ndi ulusi wocheperapo kuposa tsitsi kapena kukamata ndi guluu wa fibrin, wopangidwa kuchokera ku magazi, kuti kakute galasi, choyera cha diso, ndi kunsi kwa zikope. Kamachepetsa ululu ndi kutupa, ndipo khungu latsopano limamera kunsi kwake. Kamasungunuka kokha pakapita sabata kapena awiri, mwina n'kufunika kena. Kumeneko si kulephera kwa opaleshoni. Koma kachikopaka sikabala maselo amene anafa, ndipo pa diso lopanda magazi konse kamathandiza pang'ono. Zikatero dokotala amakoka mnofu wamoyo wa kumbuyo kwa diso, wotchedwa Tenon, n'kuusokera pafupi ndi limbus kuti magazi afikenso. Kabowo kakang'ono pagalasi, ka mamilimita awiri kapena kucheperapo, amakatseka ndi guluu wa kuchipatala. Kokulirapo kamafuna chigamba cha galasi loperekedwa ndi wina. Nthawi zina amasoka zikope pamodzi kwa kanthawi. Abale amadandaula poona zimenezi, koma palibe bandeji yoposa chikope.

Nyengo yoyambayi ikadutsa popanda chithandizo, chikope chimamatirira ku diso, tsitsi la m'zikope limapindikira m'kati n'kumakanda, misozi imauma, ndipo khungu la choyera cha diso limakwera pagalasi ndi timitsempha take ta magazi. Munthu amangoona mbee.

Pamenepa ndi pamene pempho la galasi latsopano limabwera, ndipo yankho lake ndi lakuti palibe amakhoma malata khoma lisanaume. Galasi loikidwa pa diso lopanda maselo a limbus limachita chifunga n'kukanidwa ndi thupi, ndipo lachiwiri limakanidwa mosavuta kuposa loyamba. Ndondomeko yake ndi iyi: diso lizizire kaye kwa miyezi ingapo, zikope zikonzedwe, pomatirira pamasulidwe, kawirikawiri poikapo kachikopa kochokera m'kati mwa mlomo, kenaka maselo a limbus abwezeretsedwe. Galasi limabwera pomaliza, ndipo ena salifunanso chifukwa lawo lomwe limayera maselo akabwerera.

Ngati lapsa ndi diso limodzi, mbewu ya maselowa imachokera ku linzakelo. Njira ya madokotala Kenyon ndi Tseng ya 1989 imatenga zidutswa ziwiri zokulirapo za limbus. Njira ya SLET, imene dokotala Virender Sangwan ndi anzake ku Hyderabad, ku India, anafalitsa mu 2012, imatenga kachidutswa kamodzi ka mamilimita pafupifupi 2 mulitali ndi mulifupi. Dokotala amasenda khungu lolakwika lija pagalasi, amayalapo kachikopa ka nsengwa, amadula kachidutswako tizidutswa pafupifupi 8 mpaka 10, amatimata ndi guluu mozungulira, osati pakati penipeni poonera, n'kuvindikira ndi lenzi yofewa. Kachidutswa kalikonse kamaphuka ngati nazale mpaka tonse tikumane. Ubwino wake kwa mayiko ngati athu ndi wakuti siifuna labotale yolereramo maselo. Imalephera ngati wodwala atikita diso tizidutswa n'kusuntha, ngati diso ndi louma kwambiri, kapena ngati zikope sizinakonzedwe.

Maso onse awiri akapsa nkhani imalemera. Maselo amachokera kwa m'bale kapena kwa womwalira, ndipo wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi kwa zaka, akuyezedwa magazi ndi impso pafupipafupi. Zonse zikakanika pamatsala galasi lapulasitiki, monga Boston KPro, limene limafuna madontho ndi kuonedwa ndi dokotala moyo wonse.

Pa ulendo wonsewu pali mdani wosamveka phazi, glaucoma. Mankhwala amene anawotcha diso aja amawononga tinjira totulutsira madzi a m'diso, mphamvu ya madziwo imakwera, mtsempha woonera n'kumafa mosapweteka kuseri kwa galasi lachifunga. Munthu akhoza kupirira maopaleshoni anayi, galasi n'kuyera bwino, koma osaona kanthu. N'chifukwa chake wopsa diso ayenera kupita kukayezetsa mphamvuyi tsiku lililonse limene anamulembera pakhadi, ngakhale pa miyezi imene akungodikira ndipo diso silikumuvuta.

Ife,
Ogwira ntchito zosamalira maso,
Harare