Chatsala chaka chimodzi, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, mwendo wa mayi ako uja wayamba kupepuka. Mlongo wako wandiuza kuti semesita ikubwerayi sukufuna kubwerera ku yunivesite ya MUBAS, akuti mnzako uja wakupezera malo ku Joni ndipo ya basi alipira ndi iyeyo. Nkhani yaikulu chonchi ndikamvere kwa mlongo wako? Zandipweteka.

Zaka zitatu wazigwira, chatsala chimodzi. Ukachoka lero, pepala limene uli nalo ndi la MSCE basi. Wolemba ntchito safunsa kuti pa koleji unakhalapo zaka zingati, amafuna satifiketi ndi transcript. Ngongole ya ku Loans Board nayonso sifafanizidwa chifukwa choti wasiyira panjira. Udzaibweza ndithu, digiri ulibe.

Chikukukopa ndikuchidziwa. Mnzakoyo akabwera pa Khirisimasi ndi foni yatsopano, iwe ukudya chiwaya cha ngongole, mtima umawawa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umufunse ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Pa chipata cha Beitbridge, polowa mu South Africa, amakudindira masiku a mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Masikuwo akapitirira umakhala wozemba, ukagwidwa ndi ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda zilolezo, kenaka kubwezedwa kuno ndi chiletso chosalowanso kwa nthawi. Bwana akakana kukulipira ukadandaula kwa yani? Ukadwala mwezi wathunthu, lendi alipira ndani?

Sindikunamiza kuti ukangomaliza ntchito ikudikira pakhomo. Alipo anzako ovala gauni amene akhala chaka, ena ziwiri, akuyenda ndi envelopu m'maofesi, ena akungogwira za internship. Phindu la digiri limachedwa, koma likayamba silibwerera m'mbuyo. M'boma wa digiri amayambira pa giredi I, wa dipuloma pa K, wa MSCE m'munsi mwa pamenepo, ndipo kuti wapansiyo akwere kufika pamene mnzake anayambira zimatenga zaka zambirimbiri. Tsegula nyuzipepala uone zotsatsa ntchito za maudindo: digiri ndi zaka zingapo zogwira ntchito. Zakazo munthu amazipeza akugwira, koma wopanda pepala kalata yake saiwerenga n'komwe. Palinso penshoni. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro ako, iwe 5 peresenti, mwezi ndi mwezi. Malipiro akakhala okwera, zosungidwazo zimakweranso, ndipo pa zaka 30 kusiyana kwake n'kwakukulu. Ganyu wa ku Joni alibe zimenezo.

Iweyo wa akaunti mwayi wako ndi woposa. Digiri imakuchotsera mayeso ena a ACCA, aukadaulo wa akaunti, ndipo ukalembetsa ku ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti kuno ku Malawi, ukhoza kudzagwira m'banki, m'mabungwe, kapena kusunga mabuku a anthu a bizinesi pawekha. Joni yomweyo ukaifunabe, udzapite ndi pepala, a SAQA, bungwe loona mapepala a maphunziro kumeneko, aliunike, ulowe ngati munthu wa ntchito yake. Uli Sitandade 6 unkawerengera mayi ako ndalama za tomato osaphonya ngakhale tambala. Mutu umenewo ukaugwiritse kutsuka magalimoto?

Ngati vuto ndi fizi, usangosowa. Wophunzira amene salembetsa semesita popanda kunena amatengedwa ngati wasiya yekha, ndipo kubwereranso kumavuta. Yamba wakaonana ndi Dean of Students, umuuze zoona zake. Zikakanika, lembera Registrar kalata yopempha kuimitsa maphunziro kwa chaka pa chifukwa cha ndalama, ndipo uichite kulembetsa kusanatsekedwe. Yankho lawo likhale lolembedwa, usunge kope lake, mawu apakamwa sakuteteza. Ngati ndi sapu ikukuopsa, mayeso obwereza phunziro limene walakwa aja, sapu amalemba, anthu amakhoza. Choopsa n'kusapita kukalemba, chifukwa kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu kaamba kolephera, kumayambira pamenepo. Ndiuze phunziro lake, tione ngati pakufunika wokuthandiza pa holide ino.

Ndipo mnzakoyo usamupatse pasipoti yako, ngakhale atanena kuti akungofuna kugulira tikiti. Usalandirenso ndalama yake ya basi, imeneyo ndi ngongole, udzaigwirira ntchito miyezi osaona kanthu.

Soya tagulitsa, ndipo malume ako avomera kuthandizapo theka la fizi ya semesita yoyamba. Yachiwiri tidzaona limodzi. Bwera Loweruka ndi zotsatira zako ndi pepala losonyeza zimene watsala nazo kulipira, tikhale pansi tiwerengere. Mayi ako sindinawauze, udzawauza wekha.

Ndine,
Bambo ako