Kalata yopita ku Joni, za trening'i ya kulemba ija

Achimwene,

Ndikhulupilira muli bwino ndi alamu komanso ana kumeneko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa kale, ikamakwana 11 koloko malata a m'kalasi amachita kulira ana onse thukuta kamukamu. Amayi anu ndinakumana nawo Lachisanu pa msika akugula utaka, ali bwino ndithu, akuti mwendo uja wayamba kusintha ndipo anandituma kuti ndikukumbutseni za mankhwala opaka aja. Nde mwamva.

Ndalemba yaitali dala, osati timauthenga tathu ta pa WhatsApp tija, chifukwa nkhani ili kukhosi kwangayi ndi ya kulemba komweko, komanso ndi inu mungaimvetse bwino poti choko munachigwira zaka zambiri musananyamuke.

Holide yapitayi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale aja, anatiitana ku TDC, malo omwe aphunzitsi timachitirako matrening'i, aphunzitsi a sitandade 5 mpaka 8 a zoni yathu yonse, masiku atatu. Pa uthenga analemba kuti ndi CPD, trening'i yowonjezera luso la aphunzitsi, ya kulemba ndi tekinoloje, aliyense abwere ndi foni yake atatchajilatu. Ine ndimaona ngati ndi zija tinazolowera zija, munthu kuima kutsogolo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ife tikungokopera. Koma mayi amene amatsogolera, mphunzitsi mnzathu ndithu wa ku sekondale ina ya konkuno, pemphero litangotha anati aliyense atenge pepala, mwa mphindi 10 alembe kufotokozera mwana wa zaka 11 chifukwa chake usipa woyanika pa thandala umauma msanga tsiku la mphepo kusiyana ndi tsiku loti kwangoti bata. Buku ayi, kufunsa mnzako ayi.

Achimwene mu holo munangoti zii. Anthu oti sayansi timaphunzitsa chaka ndi chaka, tanthauzo la m'buku la evaporation, kusanduka nthunzi kwa madzi kuja, titha kulilakatula olo mutidzutse pakati pa usiku, koma kuti tiike pa pepala ndi mawu athuathu bolopeni inalemera. Ena analemba mizere iwiri nkufuta, bambo ena achikulire omwe atsala pang'ono kupuma ntchito anangoti pepala pindani nkuyang'ana pa windo. Ine ndinalemba, koma nditawelenga ndinaona kuti ndangobweza chiganizo cha m'buku chomwe chija, za mphepo yomwe imachotsa chinyezi pamwamba pa nsomba kuti madzi ena atuluke sindinazitchule nkomwe chonsecho ndinabadwira mphepete mwa nyanja. Mayi aja sanatinyoze, anangofunsa kuti ngati ife zativuta chonchi, nanga mwana amene timamuuza kuti alembe chimangirizo pa mayeso a PSLCE a sitandade 8 asanalembepo ganizo lake ndi tsiku limodzi lomwe, timayembekezera kuti atani? Funso limenelo landisowetsa tulo mpaka lero.

Chifukwa ndi zoona. Ana athu amalemba tsiku lonse koma salemba kanthu, amakopera. Ine ndimadzadza bolodi ndi manotsi, iwo nkusamutsira m'kope, belu nkulira. Ndipo si kuti ndi ulesi wa aphunzitsi ayi, inu ndi ine tinalowa sukulu ndi chigumula chija cha pulayimale yaulere ya 1994, kalasi imodzi pansi pa mtengo buku limodzi ana khumi, kukopera ndi komwe kunatipulumutsa nde tinakula tikudziwa kuti kuphunzira ndi kumeneko. Onjezeraniponso nkhani ya chilankhulo. Mwana wa kwa Mponda kapena ku Namwera kunyumba amayankhula Chiyao, akalowa sitandade 1 akumana ndi Chichewa, kufika sitandade 5 maphunziro onse atembenukira mu Chingerezi. Mwana wotere akathawira kokopera ndingamudzudzule bwanji?

Mfundo ya mayi aja inali yoti kulemba si katundu wa mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi yekha. Wa masamu alembetse, wa ulimi alembetse, wa sayansi, wa Social, onse, tizinthu tating'ono mphindi 5 kapena 10 koma pafupipafupi, ndipo foni ibwere kudzathandiza pomwe choko chalephera. Ananenelatu kuti tisadikire ma laputopu. Matabuleti a BEFIT aja, omwe boma linayamba kugawa m'masukulu mu 2023, ndi a sitandade 1 mpaka 4, ana amavala zomvera m'makutu nkumaphunzira kuwelenga ndi masamu aliyense pa liwiro lake, amatchajidwa ndi sola, ndi chinthu chabwino zedi ndaona ndi maso anga tiana tikulimbilana tsiku lake. Koma ife akumtunda chomwe tili nacho ndi foni ya m'thumba mwathu basi. Nde tsiku lachiwiri lonse linathera pamenepo, kujambula chithunzi chooneka bwino, kujambula mawu, kutumizilana zinthu pa Bluetooth posaononga bandulo, kulemba pa foni nkusunga mu foda yake yake kuti zisasakanikirane ndi zithunzi za ukwati ndi maliro. Aphunzitsi achinyamata omwe angotuluka kumene ku TTC, koleji ya aphunzitsi, ndi amene amatigwira dzanja akuluakulufe, ndipo zinandisangalatsa kuona bambo aja anapinda pepala aja akuseka atamva mawu awo omwe akutuluka mu foni.

Titatsegulira ndinati ndiyese ndi sitandade 6 yanga, ana opitilira handiredi. Loweruka ndinapita ku doko m'mamawa nkujambula zithunzi zitatu, usipa wauwisi ukungotsitsidwa kumene mu boti, wina uli pa thandala, wina wouma uli m'thumba. Lolemba foni inayenda gulu ndi gulu, ndinaimangilira kachingwe kuti isagwe, gulu lililonse mphindi imodzi. Kenako ndinati aliyense alembe ziganizo zisanu, madzi omwe anali mu nsombazi apita kuti? Ndinawalola kuyamba mu Chichewa, mawu a sayansi okha ndi omwe ndinalemba pa bolodi mu Chingerezi. Poyamba anangondiyang'ana kudikira kuti ndiyambe ine pa bolodi, ena mpaka kufunsa kuti sala tikopere pati. Patapita kanthawi mitu inawerama. Zomwe zinatuluka achimwene! Wina analemba kuti madzi amadonthera pansi pa thandala onse, wina kuti dzuwa limamwa, mnyamata wina amene bambo ake ndi asodzi analemba kuti nthawi ya mwera usipa umauma bwino olo dzuwa lisawale kwambiri chifukwa mphepo imaupepesa, ndipo nthawi ya mvula umawola mpaka amautaya kapena kugulitsa motchipa. Yankho lomwe ine linandivuta ku TDC mwana analipeza yekha, amangosowa womufunsa.

Koma amene sindimuiwala ndi kamtsikana kena kamakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, chaka chonse sindinamvepo mawu ake, kope lake laukhondo manotsi onse alimo koma mayeso amalephera. Tsiku limenelo pepala lake linali loyera. Pa buleki ndinamuitana pansi pa mtengo wa mango ndi mnzake mmodzi, ndinati usalembe, ungondiuza, foni ikumvera. Anayamba motsitsa mu Chiyao, mnzake akumasulira pena, kenako anasakaniza ndi Chichewa nkufotokoza mmene amathandizira agogo ake kutembenuza usipa, kuti ukaunjikana pamodzi wapansi umakhala wonyowa nde umayenera kuumwaza kuti uliwonse upeze mpweya. Ndinamubwezera mawu ake kuti amve, anagwira pakamwa, ndinati tsopano lemba zomwe wamvazo, imitsa pomwe ukufuna. Analemba mizere 7. Masipelo ambiri olakwika, zilembo zazikulu palibe, koma ganizo lake lenileni la sayansi lili pa pepala kwa nthawi yoyamba. Ndinajambula pepalalo ndipo lili mu foni mwanga mpaka pano.

Ku masamu ndiye ndinadabwa kwambiri. Ndinawapatsa samu yochotsera ya ndalama, ya mayi wogula chigoba cha usipa nkukagulitsa milumilu, ndinati pansi pa yankho aliyense alembe mmene wayendera ngati akuuza mng'ono wake. Mnyamata wina amene ndakhala ndikumuthetha zaka ziwiri analemba kuti ndimaona nambala yaikulu nkuchotsapo yaing'ono. Ndi pomwe ndinazindikira kuti iye pa 52 kuchotsa 38 amapeza 26, chifukwa pa mzere wa mayunitsi amati 8 kuchotsa 2 mmalo mobweleka. Zaka ziwiri ndikungoika mtanda wofiira osadziwa pomwe pakudwala, chiganizo chimodzi chinandionetsa. Tinakonza pa sabata imodzi ndi timiyala ndi timitengo tomanga khumikhumi.

Mnzathu wa Social wa sitandade 7 iye anatenga njira ina. Anapita pa wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi paja nkujambula nsanjayo, mfuti ya sitima ya Guendolen ija, komanso chikwangwani chokumbukira anthu 145 omwe anamira pa sitima ya Vipya mu 1946. Ana ambiri amadutsa pamenepo pa kabaza koma samadziwa kuti tauni yawo inkatchedwa Fort Johnston, kapena kuti mu 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika pa nyanja yathu yomweyi pomwe Guendolen inakaombera sitima ya Majelemani. Anawauza kuti akafunse agogo awo zomwe anamva za nyanja ndi masitima akale nkulemba, ena anabwera ndi tsamba lonse lodzadza mbali zonse ziwiri.

Musaone ngati zonse zikuyenda myaa. Kuchonga makope opitilira handiredi tsiku lililonse sizingatheke, ndinayesa sabata yoyamba ndimagona 12 koloko maso akuwawa ndi kuwala kwa tochi. Pano ndimatenga 15 patsiku mosinthanasintha, enawo amawelengelana awiriawiri, ndipo ndinasiya kuthetha sipelo iliyonse, ndimayang'ana kaye ganizo. Aphunzitsi ena sakugwilizana nazo, akuti silabasi ndi yaitali MANEB sidikira munthu, ndipo ndikuwamvetsa chifukwa sukulu imaweruzidwa ndi ana omwe asankhidwa kupita ku sekondale. Ine ndimangowauza kuti mphindi 10 zimenezi zimandibwezera nthawi yomwe ndikanataya kubwereza phunziro lomwe ana sanamve ine osadziwa. Bandulo nayo yakwera, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 malipilo akumatha lisanafike tsiku la 20 la mwezi, magetsi akathima masiku awiri foni imafa phunziro nkufera pomwepo. Makolo ena anadandaula atamva kuti tikujambula, anabwera kwa ahedi, nde tinakhala pansi ndi komiti ya sukulu ndi a Mother Group nkugwilizana kuti nkhope ya mwana sitijambula, dzina sitilemba, timajambula ntchito yokha. Anali ndi mfundo ndithu ndipo ndinawathokoza.

Chomwe chatigwira kuti tisabwelere ku zakale ndi gulupu ya pa WhatsApp yomwe tinatsegula tsiku lomaliza. Mukudziwa mmene matrening'i amathera, anthu kusaina, kukwera njinga, pakatha mwezi zaiwalika. Apa tinapangana kuti Lachisanu lililonse aliyense aponye chithunzi cha ntchito ya mwana mmodzi ndi funso lomwe anapereka. Si onse akuponya, mwina theka, koma omwe akuponyawo tikuphunzitsana zenizeni. Mayi wina wa kufupi ndi Malombe anaponya zomwe ana ake analemba za likodzo ndi kusamba m'madzi osayenda, ine ndinabweleka funso lomwelo mawa lake. Bambo aja opinda pepala ndi amene akutsogola, sabata yatha anaponya kalata yomwe ana awo analembera amfumu zokhudza mjigo owonongeka, pokumbukira mmene kolera inativutitsira kuno mu 2022 ndi 2023.

Tsopano ndifike pa pempho langa. Anyamata anga a sitandade 6 theka lawo mtima uli ku Joni, aliyense ali ndi malume kapena achimwene kumeneko, ukawafunsa za sukulu amati ya chani poti akuti a uje anamanga nyumba ya malata osafika sitandade 8. Ndikawalalikira ine samva, amati sala simunapiteko. Nde ndaganiza kuti akulembereni inuyo. Alemba mafunso m'magulu, za nyengo, za ntchito, za mitengo ya zinthu, za mmene munthu amapezera njira mu tauni yaikulu ngati Johannesburg, ine ndijambula nkukutumizilani. Inu muwayankhe molemba, osati voice note, ndipo muwauze zoona zokhazokha, kuzizira kwa mu Juni komwe munandiuza kuti madzi amaundana m'ndowa kuja, mafomu omwe mumayenera kudzadza, mauthenga a abwana omwe mumayenera kuwelenga ndi kuyankha mu Chingerezi, za anzanu omwe amakupemphani kuti muwalembere chifukwa iwo sangathe. Musakongoletse komanso musawaopseze. Ndikufuna aone kuti zomwe alemba zafika kwa munthu weniweni ndipo wayankha, chifukwa mpaka pano owelenga zolemba zawo ndi ine ndekha ndi bolopeni yofiira.

Chachiwiri, ngati pali foni yakale yomwe simukugwilitsa ntchito, olo yosweka galasi bola kamera ndi maikolofoni zikugwira, mundipatsire a thiransipota mukamatumiza katundu wa amayi. Ikhala ya kalasi, izisungidwa ku ofesi ya ahedi, magulu awiri aziona nthawi imodzi mmalo modikilana. Pawa banki ikapezeka ndiye ndingathokoze kwambiri, ndalama yake ndidzawapatsa amayi kuno.

Mafunso a ana akhala okonzeka Lachitatu likudzali, ndiwatumiza madzulo ndikafika pomwe netiweki imagwira bwino. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti chambo chowamba ndawasungira malonjezo a Disembala akabwera.

Ndine mng'ono wanu,
kuno ku Mangochi